Maiwe Amene Analeka Kuswa

Kapsamtima anali mwana womaliza m'banja lopemphera. Dzinali anamupatsa ndi mayi ake, chifukwa mwanayu ukangomuponda chala, chaka chinkatha akukumbukirabe. Bambo ake anali ndi maiwe oswetsera nsomba, ndipo alimi ankabwera ndi ndowa kudzagula tiana tokaweta kwawo. Banja lonse linkadalira maiwewo.

Msana utayamba kuwavuta, bambowo anaitana ana awo awiri.

"Maiwewa aziyang'anira mkulu wakoyu," anatero. "Iwe umadzuka dzuwa litakwera, nsomba zingafe ndi njala."

"Ndiye ine ndine mwana wotola?" anafunsa Kapsamtima.

"Mwanawe, lavula chimene chili mumtimamo," anatero mayi ake. "Ndikukudziwa iwe, usachite zoti tidzalire tonse."

Kapsamtima anakalowa ntchito kufakitale ya pulasitiki, yokweza migolo ya madzi oipa m'lole. Tsiku lina anadandaulira dalaivala wa loleyo.

"Ukathira poizoni nsomba ziyandama, apolisi akugwira," anatero dalaivala akuseka. "Koma madzi a m'migolomu ndi aulemu, sapha ayi. Amangozifula nsomba popanda mpeni. Yaimuna imaiwala kuti ndi yaimuna. Mkulu wakoyo adzadikira tiana mpaka imvi mbuu!"

Lamulungu lotsatira Kapsamtima ananamizira mutu. Anzake ali kutchalitchi, iye anakhuthulira zigubu ziwiri za madzi oipa aja mu ngalande yolowetsa madzi m'maiwe. Anabwereza kangapo, mtima uli zii ngati wamwa madzi ozizira.

Nsomba sizinafe. Zinanenepa bwinobwino, koma nyengo yoswa itafika, m'madzimo munalibe kamwana ngakhale kamodzi. Mkulu wake anasintha chakudya, anasala kudya, anapemphera mpaka mawu kusasa. Alimi ankabwerera ndi ndowa zopanda kanthu. Bambo ake anapsa mtima n'kumutcha wolephera pamaso pa mkazi wake. Kapsamtima ankangomvetsera, ndipo kunena zoona zinkamukoma. Mkuluyo anatenga banja lake n'kupita kutali kukafuna maganyu.

"Mwina ndinalakwitsa posankha," anatero bambo aja. "Tenga maiwewa, mwana wanga."

Kapsamtima anasiya ntchito tsiku lomwelo. Anaphwetsa maiwe, analowetsa madzi atsopano, n'kuikamo nsomba zina. Tiana timene tinaswa tinali tochepa, topindika msana, ndipo tinafa tonse. Bambo ake anaitana mlangizi wa za nsomba.

Mlangiziyo anatumbula nsomba yaimuna, n'kuloza ndi nsonga ya mpeni.

"Taonani bambo, yaimuna koma m'kati muli timazira. Awa ndi mankhwala a kufakitale. Amasokoneza mahomoni, timadzi ta m'thupi toyendetsa kubereka. Alowerera m'matope ndi m'ngalande momwe, ndipo papita zaka musanaonenso mbewu muno. Koma afika bwanji, popeza kumtundaku kulibe fakitale?"

Bambo aja anatembenuka pang'onopang'ono.

"Pakhomo pano amene anagwirako kufakitale ndi mmodzi," anatero.

"Bambo, ine ndimangofuna kuti achimwene aone..."

"Khala chete! Ndinanyoza mwana wosalakwa chifukwa cha iwe. Unkafuna maiwe, si awo? Khala nawo, uzidya matopewo."

Mayi ake analira mokweza atagwira kumutu. Makolowo anapita kukapepesa mwana wawo wamkulu, koma iye anakana kubwerera, ndipo iwo anakhala komweko. Kapsamtima anathamangira kufakitale kukapempha ntchito yake, anapeza atalemba wina. Dalaivala uja anati sakumudziwa n'komwe.

Achinyamata, kubwezera ndi tchimo, ngakhale utakuchita mochenjera popanda wokuona. Kapsamtima anapeza zonse zimene ankafuna. Mkulu wake anachoka, maiwe anakhala ake. Lero amakhala yekha pakhomopo, alibe m'bale womupatsa moni, ndipo m'mawa uliwonse amadyetsa nsomba zimene sizidzaswa.