Zomwe Nasibu Anafufuta

Nasibu analowa m'kashopu ka ku Doornfontein atakumbatira laputopu ngati mwana wodwala. Munira, mtsikana wa ku Machinga yemwe ankakonza makompyuta m'menemo, anangoitchera khutu. Hadi diraivi, mosungira mafailo muja, inkalira kuti kho! kho! kho!

"Izimitseni msanga, achimwene! Ikufa iyi. Mukamaiyatsayatsa ndiye mukuimaliza."

"Ndipulumutseni, sisi. Muli pemiti yanga ndi masatifiketi."

"Zitenga masabata. Yodwala chonchi timaikopera pang'onopang'ono, ikatentha timaipumitsa."

Masabata amenewo ndiwo anabala nkhani. Nasibu, mnyamata wa ku Mangochi wogwira ntchito pa holoselo ina, ankabwera tsiku ndi tsiku, ati kudzazonda matenda. Matenda ake ati? Pakamwa pa mnyamatayu panali uchi wokhawokha, mameseji nawo osapuma.

"Nyenyezi yanga, Joni yonseyi maso anga aona iwe wekha."

"Sindinakwatirepo, Wallahi. Ndinkadikira iwe."

Ndani akanalimba mtima? Munira anakopeka, mpaka anauza amalume ake a ku Zandspruit kuti Loweruka kubwera mlendo wodzafunsira mbeta. Amalumewo, m'chimwemwe, anagula nkhuku ziwiri n'kumema abale.

Lachinayi ntchito ija inatha. Chomwe Nasibu sankadziwa n'chakuti pulogalamu yovuulira mafailo sisankha, imadzutsa ndi zofufutidwa zomwe. Komanso Munira sankapereka ntchito asanatsegule mafailo angapo kuti aone ngati atuluka bwino.

Loyamba, pemiti. Lachiwiri, satifiketi. Lachitatu, Nasibu ali mu mkanjo woyera pamkeka, shehe atamugwira dzanja! Chithunzi chotsatira, akumwetulira ndi mkwatibwi. Nikah, ukwati wa Chisilamu, ya chaka chatha chomwechi!

Munira analira, tisaname. Ankamukonda zedi munthuyu, ndipo mtima unamuwawa. Koma pomwe Nasibu amatulukira madzulo a tsikulo, misozi inali itauma.

"Sharp, babe wanga? Jekete ya Loweruka ndagula kale!"

Munira anangomutembenuzira sikirini. Nasibu kukamwa yasa!

"Eish! Izi ndinadilita ine! Sweetie, tamvera, ndimati ndikuuze tikamanga nikah yathu. Pajatu chipembedzo chathu chimalola mitala."

"Mitala chimalola, inde. Nanga bodza chinaloleza liti? Unalumbira pa dzina la Allah iwe!"

Nasibu anasintha nkhope, uchi uja unatheratu.

"Ganiza bwino, Munira. Abale ako aitanidwa kale. Wochita manyazi Loweruka ndiwe, osati ine."

"Manyazi a Loweruka limodzi ndiwasenza. A moyo wonse, ayi!"

Anamukankhira laputopu ija ndi fulashi ya mafailo ake onse, a ukwati omwe, osachotsapo ngakhale limodzi. Kenako anatenga foni yake n'kuimba, Nasibu akuona. Mawu anatuluka owongoka.

"Salaam aleikum, amalume. Nkhuku zija zisiyeni zikule. Sikubwera munthu."