Chijasi Chonyowa cha ku Liège

Solange Dethier sanakonzekere kugona ku Liège. Ankayenera kungotsika sitima yochokera ku Ostend n'kukwera ina yopita kumapiri, ku Vielsalm, kumene bambo ake anali chikomokere m'chipatala. Koma mvula inali itagwa mlungu wonse, mitsinje inamiza njanji ndi misewu yomwe, ndipo pasiteshoni anangouzidwa kuti adikire.

Anapeza chipinda kwa Mayi Lambotte, mkazi wamasiye wokhala kuseri kwa siteshoni. Mzindawo sanaukonde, komanso sanaude. Mtsinje wa Meuse unkanunkha matope, nyumba zinali zakuda ngati zinapsapo, anthu ankayankha mawu amodziamodzi. Koma buledi wake anali wokoma, ndipo woyendetsa basi wina anamupatsa ambulera osamufunsa n'dzina lomwe.

Madzulo anapachika chijasi chake pafupi ndi chotenthetsera chipinda, ndipo pomwe ankagona chinali chitauma gwaa. M'mawa anachipeza chikudontha, pansi pali kathamanda. Anayang'ana kudenga, kunali kouma. Zenera linali lotseka. Anaganiza kuti ndi chinyontho cha nyumba zakale.

M'mawa wotsatira chijasi chinanyowanso, ndipo nsapato zake zinali ndi matope. Anapita kusiteshoni kukafunsa za sitima, n'kuima pa kasitolo ka khofi ka bambo wina wonenepa, dzina lake Firmin.

"Lero mwawasiya kuti achikulire aja?" Firmin anafunsa uku akuthira khofi.

"Achikulire ati?"

"Amene mumaima nawo usiku pokwerera sitima paja. Ine ndimatseka mochedwa, ndimakuonani. Amabwera ndi zovala zogonera zokha, inu n'kuwafunditsa chijasi chanucho. Aatali, amakhosomola, dzanja lina chala chodukira pakati. Muziwaveka bwino, mayi, mvula ino ipha munthu."

Solange anasiya khofi osamulawa. Bambo ake chala chinaduka ndi makina ochekera matabwa iye asanabadwe.

Atabwerera anafotokozera Mayi Lambotte, ndipo mayiwo anatsitsa mawu ngakhale munalibe wina m'nyumbamo.

"Chitseko ndimachimva, mwanawe. Ndimati mwina mwapeza kachibwenzi, ndiye ndingalowerere bwanji? Koma ena mumsewu muno akuti mumayenda maso ali gwa, akakupatsani moni osayankha."

"Usiku uno munditsekere m'chipinda, kiyi mukagone naye," Solange anatero. "Ndingagwere mumtsinje."

Sanafune kugona. Anakhala pabedi atavala, akumvetsera mvula ikuwomba pazenera ndi madzi akulira m'mipope. Magetsi a mumsewu anazima. Patapita nthawi anamva masitepe a matabwa akulira pang'onopang'ono, ngati akukwera munthu wotopa, ndipo phazi lililonse linkamveka thyapa, lopanda nsapato. Mapaziwo anaima pakhomo pake. Kunamveka chifuwa chouma chimene iye anakula akuchimva m'mawa uliwonse. Kenako kugogoda, kosakakamiza.

"Soso," mawu ananong'ona. Kupatula bambo ake, panalibe wina aliyense amene ankamutchula choncho.

Solange anafunda bulangete mpaka kumutu, ataluma chala kuti asayankhe. Atasuzumira anaona madzi akulowa pansi pa chitseko. Kugogoda kunabwerezanso, kenako mapazi aja anatsika, chitseko chakunja osamveka kutseguka.

Kutacha chijasi chinali chouma, ndipo njanji inali itatsegulidwa. Anafika ku Vielsalm masana. Mng'ono wake Noëlle anamuchingamira pakhonde la chipatala, maso atatupa.

"Achemwali, anamwino asowa chonena. Masiku apitawa m'mawa amawapeza tsitsi lonyowa, mapazi ozizira, amati ndi thukuta. Koma lero awapeza atanyowa thupi lonse, akunjenjemera. Adokotala akuti chibayo chalowa."

Solange analowa m'chipindamo. Bambo ake anali atagona chagada, akupuma movutikira. Anawagwira dzanja, ndipo kwa nthawi yoyamba chikomokereni anatsegula maso. Noëlle anathamanga kukaitana namwino.

"Ababa, ndabwera. Ndi mvula inandichedwetsa."

Mkuluyo anamuyang'ana nthawi yaitali, opanda mkwiyo.

"Usiku sunabwere, Soso," anatero. "Ndinagogoda."

Sanayankhulenso. Anamwalira dzuwa lisanalowe, Solange atawagwirabe dzanja.