Chimbale Chomaliza

Tsiku limene anakumana, m'shopu yobwereketsa mafilimu munali mkangano wosasimbika.

Mtsikana wa pa kauntala ankamutcha Mwini Rimoti, chifukwa sankalola munthu kukhudza rimoti ya kanema wa m'shopumo. Tsikulo anali ataika filimu yake ya pamtima, yakalekale, ya magawomagawo. Inali ya zolengedwa zochokera ku nyenyezi zimene zinabwera ndi zombo zikuluzikulu kudzalanda dziko lapansi. Filimuyo inali pa zimbale zingapo, ndipo timabokosi take tinali titathetheka m'makona.

Wometa wa khomo loyandikana, yemwe akasowa makasitomala ankabwera kudzanyoza mafilimu a eni ake, anaima manja ali m'chiuno.

"Mlongo, mpaka liti zimenezi? Taonani chombocho, chingwe chikuchita kuoneka! Nanga chilombocho? Si munthu wavala chigoba cha labala ameneyo? Agogo anga omwe sangachite nacho mantha!"

"Kaonereni kwanu zamakono zanuzo!" mtsikanayo anayankha, nkhope itachita tsinya.

"Pepani kulowerera," anatero mawu ofatsa kuchokera pakhomo. Anali mnyamata wamtali, wovala jekete ngakhale kunkatentha. "Woyang'ana chingwe waphonya filimu yonse. Filimu imeneyi si ya zilombo ayi, ndi ya anthu. Simunaone kuti aneba anayamba kulozana zala zolengedwazo zisanatsike n'komwe m'chombo?"

Mtima wa Mwini Rimoti unangoti phaa! Zaka zonsezi akunyozedwa yekha, lero kwapezeka munthu womva zimene iye ankamva?

Mnyamatayo anabwereka chimbale choyamba, ndipo anasiya nambala yake ya foni. Wometa anamupatsa dzina pompo: Kajekete.

Kuyambira pamenepo Kajekete ankabwera kawirikawiri. Amabweza chimbale, n'kutenga chotsatira, n'kutsamira pa kauntala. Akatsegula pakamwa, mtsikanayo ankaiwala kuti pali makasitomala ena.

Tsiku lina mkangano unali wa nesi wa m'filimumo, amene anamanga bala la cholengedwa chovulala pomwe anzake ankafuna kuchimaliza.

"Wogulitsa anthu ameneyo!" wometa anakuwa. "Adani akuwotcherani mzinda, inu n'kumawapaka mankhwala?"

"Sanagulitse munthu," Kajekete anayankha modekha. "Manja a nesi sadziwa nkhondo. Akaona bala amangoyamba ntchito, mutu usanafunse kuti balalo ndi la yani."

Ine ndikunena pano, ndi mtsikana uti akanapirira mawu otere? Mwini Rimoti anagwa m'chikondi chagada.

Mameseji anayamba kuuluka.

"Nyenyezi yanga, wadzuka bwanji? Zombo zonse zitabwera lero, ine ndingathawire kwa iwe."

"Wabodza iwe! Ungandisiye n'kuthawa wekha."

"Ine? Ndikulonjeza, mtima wangawu ndi wako wekha. Sindinaonepo mkazi wondimvetsa ngati iwe."

Mtsikanayo ankawerenga meseji imodzi kambirimbiri, akumwetulira yekha ngati wopepera. Nkhope ya Kajekete inali yabwino ndithu, koma iye chimene anakonda ndi mutu wake. Ngakhale akamufunsa funso lovuta la filimuyo, mnyamatayo sankayankha mopupuluma. Ankati, "Ndiyambe ndaliganizira, ndikuyankha mawa." Mawa lake ankabweradi ndi yankho logwira mtima. Ameneyu ndiye mwamuna woganiza, ankatero mtsikanayo mumtima.

Atatsala pang'ono kumaliza filimuyo, Mwini Rimoti anachotsa chimbale chomaliza pa shelefu n'kuchibisa pansi pa kauntala.

"Ichi sukachionera wekha," anamuuza. "Tikachionera limodzi Loweruka masana, kwa akulu anga. Akufuna akuone."

Kajekete anamwetulira. "Kwa akulu ako? Palibe vuto, wokondedwa. Ndikulonjeza, mapeto ake tikawaona titagwirana manja."

Mtsikanayo anali asanapititsepo mwamuna kwa mkulu wake chibadwire. Mkulu wakeyo ndi amene anamulera, ndipo sankasekerera zibwenzi zachibwana. Koma ulendo uno anachita kumuimbira foni mwachimwemwe: "Ameneyu ndiye yemweyo, akulu. Mukadzamumva akulankhula mudzavomera nokha."

Lachisanu masana m'shopumo munalowa mayi woyembekezera, wotopa kwambiri, mapazi atatupa. M'manja anali ndi kabokosi ka chimbale. Anapumira m'mwamba, dzanja lina lili kumsana.

"Asisi, ndi pano pamene mumabwereketsa filimu iyi? Ndatsatira kapepala kamene munamata kuseriku."

"Ndi pompano, mayi. Khalani pansi kaye." Anawakokera mpando kuseri kwa shelefu, kumene kunkapita kamphepo.

"Ine ndabwera ndi mkwiyo," mayiyo anatero atakhala. "Mumabwereketsa bwanji filimu yopanda mapeto? Amuna anga akuti chimbale chomaliza munataya! Adokotala anandiuza kuti ndizigona, ndisamayendeyende, koma lero ndalephera kupirira. Munthu ungagone tulo osadziwa zimene zinamuchitikira nesi uja?"

Mwini Rimoti anaseka. Anali asanakayang'anitsitse kabokosiko. "Kani mumaikonda? Anthu kuno amangoti nesi uja ndi wogulitsa anthu."

"Wogulitsa anthu? Zamkutu! Inetu ndine nesi, asisi. Manja a nesi sadziwa nkhondo. Akaona bala amangoyamba ntchito, mutu usanafunse kuti balalo ndi la yani."

Mwini Rimoti analeka kuseka.

"Mwati bwanji, mayi?"

"Ndimawauza amuna anga zomwezi. Filimu imeneyi ndinaionera ndili mwana, koma kwathu kanema anawonongeka isanathe. Si ya zilombo ayi, ndi ya anthu. Aneba anayamba kulozana zala zolengedwazo zisanatsike n'komwe."

Mtsikanayo anayang'ana kabokosi kaja. Kanali komwe Kajekete anatenga masiku apitawo.

"Amuna anuwo," anafunsa ndi mawu ouma, "nawonso amaikonda?"

Mayiyo anaseka mpaka kugwira mimba. "Awo? Nyimbo yoyambira isanathe amakhala akuliza mkonono, jekete lili m'thupi! Sanaonerepo gawo ngakhale limodzi. Koma ndikuuzeni chinthu, asisi." Anatsitsa mawu, maso akuwala. "Filimu imeneyi yandikonzera banja. Kale ndikamalankhula ankangoyang'ana pafoni. Masiku ano m'mawa uliwonse amakhala m'mphepete mwa bedi n'kundifunsa, 'Dzulo unaonapo chiyani? Ukuganiza bwanji?' Nthawi zina amabwera ndi mafunso ovuta, ine n'kumadabwa kuti awatenga kuti. Amamvetsera mpaka kubwereza mawu anga! Ndimathokoza Mulungu kuti mwanayu adzapeza bambo wosinthika."

Kalanga ine! Pali nkhanza yoposa imeneyi? Mafunso ovutawo anali a Mwini Rimoti. Mayankho ogwira mtimawo anali a mayi wotupa mapaziyu. Mwamunayo ntchito yake inali kungonyamula mawu kuchoka pa bedi la mkazi wake kupita nawo pa kauntala ya chibwenzi. Wopanda manyazi!

Misozi inadzaza m'maso mwa mtsikanayo, koma anailetsa. Awauze? Munthu wodwala chonchi, mwana ali pafupi kubadwa? Asawauze? Nanga mawa akawauza chiyani akulu ake, amene anali atakolopa kale nyumba yonse? Anagwira njakata. Anawerama n'kutulutsa chimbale chomaliza.

"Chilipo, mayi. Sichinatayike."

"Nanga bwanji anandinamiza?"

Asanayankhe, chitseko chinatseguka mwamphamvu.

"Nyenyezi yanga! Wokondedwa wanga! Mawa ndiye mawa, ndagula kale malaya atsopano okaonekera kwa alamu anga!"

Kajekete analowa manja atatambasula. Shelefu inali itamubisira mpando uja. Anafika pa kauntala, natembenuka, ndipo maso ake anakumana ndi a mkazi wake.

Pa kanema zombo zinkawotcha mzinda, koma palibe amene ankayang'anako. Wometa, yemwe anamva kukuwa kuja, anasuzumira pakhomo lumo lili m'manja. Ataona nkhope zitatuzo anangoti, "Mapanga awiri avumbwitsa," n'kubwerera mwakachetechete.

"Nyenyezi?" mayi uja anafunsa pang'onopang'ono. "Alamu ako ati?"

"Mayi a kunyumba, mukutani kuno? Adokotala aja anati..."

"Usawatchule adokotala!" Mwini Rimoti anakuwa, misozi tsopano ikuyenderera. "Unandiuza kuti uli wekha! Unati mtima wako ndi wanga ndekha! Ndinawauza akulu anga kuti ndapeza mwamuna woganiza. Woganiza! Tandiuza, nesi wa m'filimuyi ndi wamtali kapena wamfupi?"

Kajekete anayang'ana pa kanema ngati yankho lilembedwapo. Thukuta linali kamukamu pamphumi.

"Nyenyezi, tamvera..."

"Usanditchulenso dzina limenelo!" Anatembenukira kwa mayi uja n'kugwada pafupi ndi mpando. "Mayi, ndikhululukireni. Mulungu ndi mboni, sindinkadziwa. Chilichonse chimene munkamuuza m'mawa, masana ankadzandiuza ine ngati chake. Ine ndinakonda mawuwo. Kani nthawi yonseyi ndimakonda nzeru zanu! Uyu ndi kabokosi chabe, m'kati mulibe chimbale."

Mayiyo sanakuwe. Zikanakhala bwino akanakuwa. Anangoyang'ana mwamuna wake.

"Ndiye unkandifunsa chifukwa cha zimenezi? M'mawa monse muja, utandigwira dzanja? Ine ndinkati wayamba kundimvera. Ndinawaimbira mayi anga kuwauza kuti wasintha!"

"Ndilole ndifotokoze, mkazi wanga. Nonse awiri, chonde, ndiloleni ndilankhule."

Foni ya Mwini Rimoti inalira pa kauntala. Inali meseji ya mkulu wake: "Mlendo wathu afika nthawi yanji mawa?" Mtsikanayo anaiwerenga, naitembenuza chafufumimba. Kenako anawathandiza mayi aja kuimirira, n'kuwaika chimbale chomaliza m'manja.

"Tengani, mayi. Ndi chanu. Musachibwezenso."

Mayiyo anachifungatira pachifuwa. Anapukuta misozi ndi kuseri kwa dzanja, n'kuima maso ndi maso ndi mwamuna wake.

"Wati ukufuna kulankhula? Lankhulatu, tonse tikumva. Koma lero ulankhule mawu akoako."

Kajekete anatsegula pakamwa. Akazi awiriwo anadikira. Anadikirabe.

Sipanatuluke kanthu.