Chitseko Chimene Sichinalire

Chitseko cha nyumba ya mayi Asiatu chinabedwa dzuwa likuswa mtengo, eni ake ali m'kati momwemo.

Munali mu 1978. Nyumbayo inali pamzere wa nyumba zakale za ku Mtalika, m'tauni ya Mangochi, zimene boma linalamula kuti zitetezedwe ndi kukonzedwa monga zinalili kale. Chitseko chake chinali cha mlombwa, chosemedwa maluwa ndi amisiri a makedzana. Kalipentala wotsogolera ntchitoyo, a Jaffalie, anali atangoyamba kukonza denga.

Mayi Asiatu anali pa eda, nyengo imene mkazi wamasiye wa Chisilamu satuluka m'nyumba kapena kuonana ndi amuna achilendo. Wakubayo ankadziwa zimenezi. Anasankha Lachisanu, amisiri onse ali ku mzikiti.

Sajeni Kamwaza wa polisi analankhula nawo kuseri kwa nsalu yotchinga.

"Munamva chiyani, mayi?"

"Palibe, bwana."

Sankanama, ndipo chimenecho ndicho chinkawadya mumtima. Chitseko chija chinali ndi khalidwe lake. Ukachikankha chinkalira mpaka nkhuku za oyandikana nawo kubalalika. Kuti chikhale chete, unkayenera kuyamba wachinyamula pang'ono ndi bondo. Odziwa zimenezi anali malemu amuna awo, iwo eni, ndi mwana wawo Bakali, amene anaziphunzira kale pozemba kupita kudansi. Tsiku limenelo chitseko chinatsegulidwa n'kuzulidwa, osalira.

Apolisi anagwira a Jaffalie, poti zida zozulira zinali zawo. Masiku amenewo kuononga chinthu cha boma sanali masewera.

Mkazi wa a Jaffalie, Zena, anabwera n'kudzigwetsa pamkeka.

"Amake Bakali, amuna anga akuti akawatsekera ku Zomba. Munthu amene wakhala akukukonzerani nyumba ngati yake! Ana aja ndiwalera bwanji ine?"

Mayi Asiatu analira mpaka mawu kutha. Kenako anatuma Zena yemweyo kukaitana sajeni.

"Mukafunse mwana wanga."

"Wanu wobereka?"

"Ndinabereka mmodzi yekha, bwana."

Apolisi anakamupeza Bakali ku Nkopola, m'chisakasa cha asodzi, chitseko atachikwirira ndi maukonde akutha. Ankadikira mlendo wina wogula zinthu zakale. Bakali sanathawe.

"Wakuuzani ndani?" anafunsa.

Sajeni anangotulutsa unyolo. Bakali anaweramitsa mutu.

"Ndi amayi eti."

Khoti linamupatsa zaka zisanu. Amayi ake sanaone nkhope yake, poti eda inali isanathe.

A Jaffalie atamasulidwa anabwera kudzabwezera chitseko pamalo pake. Analankhula ali pakhonde.

"Mayi, pansi apa m'pomwe chimakhula. Ndipale pang'ono, sichidzaliranso."

"Ayi bambo, chisiyeni choncho."

"Koma phokosoli?"

"Tsiku limene chidzatseguke osalira, ndidzadziwa kuti wabwera."

Nyumba inatha kukonzedwa, inawala ndi njereza, akuluakulu a boma anabwera kudzaijambula. Chitseko chinkalirira aliyense: Zena, ogulitsa usipa, ngakhale mwera ukachikankha. Nthawi zonse mayi Asiatu ankatukula mutu, n'kuubwezanso pansi.

Anamwalira chaka chachitatu mwana wawo ali m'ndende. Tsiku limene Bakali anatuluka m'ndende, anafika pakhomo, n'kunyamula chitseko ndi bondo monga kale. Chinatseguka mwakachetechete, koma munalibe womva.