Chipanda Chimene Elifala Anakana

Batani linathothoka, linauluka n'kukagunda beseni pakona, ngwee! Elifala anatsala ataimirira pakati pa chipinda, atagwira kabudula woyera wa mganda ndi manja awiri, mimba ili panja.

"Wachepa pochapa ameneyu," anatero.

Mkazi wake Tabita anatola batanilo pansi. "Kabudula wakhala m'sutikesi chichokere chaka chatha. Wamuchapa ndani? Mwakula ndinu, bambo a Rute."

"Musauze munthu," anatero Elifala.

Zimenezi zinachitika ku Bowe m'zaka za m'ma 1970. Masiku amenewo mudzi wopanda gulu la mganda unkasekedwa. Chimanga chikangouma m'minda, madzulo aliwonse ng'oma inkamveka kutsidya ndi kutsidya, mabadza, malipenga a zikho aja, akulira, anyamata akupukuta nsapato zoyera ndi choko. Elifala ankavina mzere wakutsogolo chiyambire unyamata wake. Akagwada, n'kudzuka, n'kukupiza kampango m'mwamba, amayi ankalulutira mpaka mawu kusasa.

Koma anali atagula ngolo ndi ng'ombe ziwiri. Aliyense wofuna kututa fodya kapena chimanga ankamuitana, ndipo ntchito ikatha panali chipanda cha mowa wamasese. M'mawa kwa uyu, masana kwa uje. Kuyenda pansi anasiya, ankangokhala pa ngolo. Mimba inatuluka, anzake n'kumaisisita amvekere, "Bwana Ngolo, zikukuyenderani!" Iye ankasangalala nazo.

Madzulo a tsiku la batani lija anapita kubwalo atavala thalauza wamba. Nyimbo isanafike pakati, anali akupuma wefuwefu, thukuta lili kamukamu. Atagwada, anadzuka mochedwa, anzake atatembenuka kale. Nowa, mkulu wa gulu, anamukokera kuseri kwa mtengo.

"Achimwene, pa 6 Julaye tikavina ku boma ku Dowa, pachikondwerero cha ufulu. A ku Dzoole adzakhala komweko, ndipo mukuwadziwa pakamwa pawo. Mukapitiriza chonchi, ndidzakupatsani ntchito yonyamula madzi."

Elifala anabwerera kunyumba. Anaganiza zosiya mowa ndi kuyamba kuyenda pansi patsogolo pa ng'ombe zake. Koma kuti wina adziwe chifukwa chake, ayi. Mwamuna wofuna kuchepetsa thupi nthawi imeneyo akanasekedwa mpaka ku Kasakula.

Sabata yomweyo Magdalena, mkulu wake wa Tabita, anafulula mowa wa dima. Dima ndi ntchito yothandizana: mwini munda amafulula mowa, anthu amabwera kudzagwira ntchito, akamaliza amamwa. Magdalena analibe njira ina. Mwamuna wake, Petulo, anamwalira chaka chapitacho atatupa mimba, ndipo panali ena amene ankanong'ona kuti mkaziyo anamuthirira kanthu m'chakudya. Bodza lenileni, koma bodza la m'mudzi silifa msanga.

Anthu anabwera ambiri ndithu. Anadula chimanga n'kuchisanja m'mikukwe, ndipo dzuwa litafika pamutu anakhala pansi pa mtengo wa msuku. Magdalena anagwada pambali pa mbiya, anatunga mowa, namwa iye poyamba monga mwa mwambo, kuti onse aone kuti mulibe choipa. Kenaka anatunganso n'kupereka ndi manja awiri kwa mlamu wake, popeza ndiye anali mwamuna wamkulu wa pabanjapo.

"Landirani, alamu, mutsegule kukhosi. Kapena ndikutungireni m'ndowa?"

Anthu anaseka. Elifala anayang'ana thovu lija, malovu anadzaza m'kamwa, koma anakumbukira beseni lija.

"Ayi, alamu. Patsani ena."

"Mwadwala kodi?"

"Ndili bwinobwino. Sindikufuna basi."

Kuseka kunatha. Aliyense ankadziwa kuti Elifala sanakanepo mowa, ngakhale wogona wowawasa. Yoswa, amene anakhala pafupi naye, analandira chipandacho, anachinunkhiza, n'kuchiika pansi pang'onopang'ono.

"Ndakumbuka, mbuzi zanga sindinazimasule," anatero, nanyamuka.

Wina anakumbuka mwana wodwala. Wina anangotola chikwanje chake. Posakhalitsa pansi pa msuku panatsala Magdalena ali chigwadire, mbiya ili yodzaza.

Elifala anafika kunyumba akudzitama mumtima kuti wapambana. Tabita, amene anali kophika nthawi ya chipanda ija, analowa pambuyo pake n'kuponya mtolo wa nkhuni pansi.

"Mwawapha achemwali anga lero."

"Ine? Ndangokana mowa."

"Mwakana mowa wa mkazi amene anthu akumunena kuti anapha mwamuna. Inu, mlamu wake! Kuchitsime akuti, 'Wapabanja akudziwa kanthu.' Pitani mukanene zoona."

"Ndikanene kuti kabudula wandikana? Pamaso pa Yoswa?"

"Eya, pamaso pa Yoswa."

"Ziiwalika zimenezi," anatero Elifala.

Sizinaiwalike. Masabata anapita. Elifala ankayenda pansi ndi ng'ombe zake, akamva kuti kwinakwake kuli mowa ankalambalala njira. Lamba anayamba kumasuka pang'ono, koma anzake anasiya kumuitana, ndipo mlamu wake akakumana naye ankangopatuka n'kuwerama.

Magdalena anasonkhanitsa chimera chake chotsiriza n'kufululanso mowa, kuti anthu adzamuthandize kukolola. Nthawi inali itatha. Minda ya ena inali yoyera kale, ndipo ng'ombe za m'mudzi zinali pafupi kumasulidwa kuti zizidya mapesi paliponse.

Tsiku la dimalo Elifala anadutsa pamundapo ndi ngolo chakumasana. Anaimitsa ng'ombe. Mikukwe ina inali itagwa, chiswe chitakwera mpaka m'zitsononkho. Magdalena anali yekha ndi ana ake awiri, akusenda chimanga chimodzichimodzi. Pansi pa msuku mbiya inali yovundikira ndi masamba a nthochi. Palibe anabwera.

"Alamu," anaitana Elifala.

Magdalena sanadzutse mutu. "Pitirirani, alamu. Mungaoneke muli pamunda wa mfiti."

Chakumudzi ng'oma ya mganda inayamba kuitana. Elifala anatembenuza ngolo. Atafika kunyumba anatsegula sutikesi, anavala kabudula uja, n'kumumanga m'chiuno ndi luzi chifukwa sankatsekabe. Malaya oyera anangofika pamchombo.

"Mukupita kuti choncho?" anafunsa Tabita.

"Kwa Yoswa."

Atatulukira pabwalo, woimba ng'oma anaphonya. Kenaka phwete! Anyamata anagwa pansi ndi kuseka, amayi anabisa nkhope m'zitenje. Yoswa anachita kutsamira mtengo.

"Bwana Ngolo, mwabwereka kabudula wa mwana wa sukulu?"

"Sekani mumalize," anatero Elifala. Anadikira. "Mwamuona? Ndi ameneyu anandikanitsa mowa kwa alamu anga. Mimba yandikulira, kuvina kukundikanika, ndipo Nowa wati ndikanyamula madzi ku Dowa. Ndinachita manyazi kunena. Mowa uja unalibe kanthu. Chimene chinali ndi kanthu ndi mimba iyi."

Anaimenya ndi dzanja, phaa! Ena anasekanso, koma Yoswa anayang'ana pansi.

"Chimanga cha mkazi wamasiye chikudyedwa ndi chiswe chifukwa cha ine," anapitiriza Elifala. "Ine ndikupita kumunda. Wofuna anditsate."

Nowa anatola ng'oma n'kuikoleka paphewa. "Lero tiyeserera kumunda," anatero.

Magdalena anamva mabadza akuyandikira, anaimirira atagwira chitsononkho m'manja. Gulu lonse linatsika m'njira, amayi ali pambuyo ndi madengu, kutsogolo kuli mlamu wake ndi luzi m'chiuno. Sanafune kuseka, koma kunamutuluka.

Anakolola mpaka dzuwa litapendeka. Pofika pansi pa msuku, Elifala sanakhale pamzere wa amuna. Ananjuta pambali pa mbiya, anachotsa masamba a nthochi, natenga chipanda m'manja mwa Magdalena.

"Lero wotunga ndine."

Anatunga, anakweza chipandacho kuti onse aone, namwa mpaka pansi. Anapukuta pakamwa. "Ichi ndiye changa, choyamba ndi chomaliza. Yoswa, landirani. Mbuzi munamasula?"

Yoswa analandira ndi manja awiri, namwa osanunkhiza.

Kuyambira pamenepo Elifala sanathawenso pamowa. Kulikonse ankafika n'kukhala pambali pa mbiya. Ankalawa choyamba, kenaka manja ake ankatanganidwa ndi kutungira ena, pakamwa pali nkhani. Wina akamukakamiza, ankangoti, "Kabudula sanatsekebe," anthu n'kuseka, chipanda n'kudutsa. Palibe mwini mowa amene anakhumudwa.

Pa 6 Julaye bwalo la ku Dowa linadzaza, mbendera zili petupetu, ana a sukulu atakhala pafumbi. Elifala sananyamule madzi. Sanavinenso kutsogolo, Nowa anamuika mzere wachiwiri. Kabudula anatseka, ngakhale Tabita anachita kuwonjezera kansalu ka thumba la ufa kumbuyo. Elifala anagwada, anadzuka pamodzi ndi anzake, kampango kali m'mwamba. A ku Dzoole sanapeze pomusekera.

Koma nkhokwe ya Magdalena chaka chimenecho inalekeza pakati. Chimene chiswe chinadya sichinabwerere, ndipo pofika Januwale Elifala ankatuta chimanga cha m'nkhokwe yake kupititsa kwa mlamu wake.

Tsiku lina akutsitsa dengu pakhomopo, anati, "Alamu, mlandu uja unatha?"

Magdalena anatenga dengulo, anakhuthula chimanga pamphasa, namubwezera lopanda kanthu.

"Mowa wanga muzikana, alamu, mimba ndi yanu. Koma ulendo wina muzitsegula pakamwa pomwepo, chiswe chisanalowe m'munda mwanga."