Madzi Ozizira a Egya Bentsil

Madzulo amenewo Ansaba anapereka dokono, nsima yathu ya chimanga chowawasa, ndi tsabola yekha, popanda nsomba. Unali mwezi wa Ogasiti, nyengo imene utsi wowambira nsomba umayenera kuphimba mudzi wonse mpaka anthu kumatsokomola m'tchalitchi. Koma mauvuni anali atazima kalekale, nkhuku zikuikiramo mazira. Zimene ndikufotokozazi ndinazimva kwa Ansabayo, zina kwa apongozi ake, Egya Bentsil (kwathu kuno Egya ndiye kuti bambo), masiku amene ndinkapita kukapemphera nawo. Sindionjezerapo kanthu.

Chaka chimenecho nyanja inakana kuzizira. Kwathu kuno mvula yaikulu ikadutsa, madzi a pafupi ndi gombe amazizira, ndipo eban, tinsomba tamafuta timene timadyetsa mudzi chaka chonse, timafika kuseri kwa mafunde. Usiku wopanda mwezi timayaka m'madzi ngati ziphaniphani. Madzi akakhala ofunda, sitibwera.

Amene ankanena kuti madzi azizira anali Egya Bentsil. Maso awo anali atachita ng'ala, panyanja anasiya kupita, koma miyendo yawo sinkanama. Ankalowa m'madzi kumathiriro a mtsinje, kenako n'kuyenda gombe lonse kukalowanso kumiyala. Konse kuwiri kukazizira m'pamene ankati, "Kankhani mabwato." Malo amodzi sakwanira, ankatero eni ake, chifukwa madzi a mtsinje amapusitsa mwendo. Ndi petulo wovuta chonchija, panalibe woyatsa injini iwo asanalankhule.

Ekow, mwamuna wa Ansaba, mwana yekhayo amene anawatsalira, anasamba m'manja asanamalize kudya.

"Egya, mwezi uwu ukafa madzi ali chonchi, ine ndikunyamuka. Anzathu ku Liberia akupha nsomba."

"Ndi bwato langa?"

"Ndi bwato lathu. Ansaba ndi ana adzanditsatira."

"Nanga ine?"

"Mukakhala kwa azakhali kumtunda."

"Kumtunda! Ndizikapalira chinangwa ngati munthu wobadwira kutchire?"

"Ndiye tidye chiyani, Egya? Nyanja yanuyi ikufunda ngati mkodzo wa khanda."

"Idyani, Egya, dokono akuuma," anatero Ansaba, osayang'ana aliyense.

Mkuluyo sanadyenso. Mwezi unali utatsala kachidutswa kotuluka mbandakucha. Ankadziwa kuti mwana wawo sanena mawu kawiri, ndipo ankadziwanso kuti opita ku Liberia amabwera kudzaika maliro basi.

Tulo sitinabwere. Anamva ana akupuma, anamva Ekow akutembenuka pamphasa. Anatenga ndodo n'kutuluka mwakachetechete.

Kunja kunali bii. Mphepo kunalibe. Agalu amene amauwa ngakhale tsamba likagwa, usiku umenewo anali zii. Anadutsa pakati pa mabwato ogonekedwa pamchenga, akuwagwira m'mbali kuti asaphonye njira, mpaka anafika kumathiriro. Anakwinya nsalu yawo n'kulowa.

Madzi anali ofunda.

Anaima pomwepo, madzi ali m'akakolo. "Ambuye," anatero, "sindikupempha chuma. Ndikupempha mwana wanga akhale."

"Kakowa!"

Mawuwo anachokera kutsogolo kwawo, m'madzi.

"Kakowa, ukuyesera pamenepo ngati ukutsuka mbale? Bwera kuno."

Linali dzina la unyamata, lowanyoza miyendo yawo yaitali, yoonda. Anatong'ola maso awo ang'alawo. Panali chinthu chakuda chitaima m'madzi ofika m'chiuno. Munthu, wovala chipewa chamlaza chachikulu, atafulatira kumtunda.

"Ndiwe yani wonditchula choncho?"

"Wakalamba mpaka makutu? Bwera, madzi ali kuno."

Anapita. Madzi anafika m'maondo, ofundabe. Anafika m'ntchafu. Atatsala pang'ono kumufika munthuyo, kuzizira kunawagwira miyendo ngati chitsulo. Kunalowa m'mafupa n'kukwera msana. Mano anayamba kuwombana. Kuzizira kotero anali asanakumvepo chibadwire.

"Yesu wanga," anatero, misozi ikutsika. "Azizira."

"Ndimanama ine?"

Funde linabwera n'kuwakankha, mpaka anatsamira ndodo. Munthu uja silinamugwedeze n'pang'ono pomwe. Fungo lake linali la matope a pansi pa nyanja, aja amatuluka ndi nangula. Egya Bentsil anazimva zonsezi. Anandiuza okha kuti anazimva.

Munthuyo anakweza mkono n'kuloza. Kuseri kwa mafunde madzi ankayaka. Moto wobiriwira, wotambalala, ukutembenuka pang'onopang'ono. Ngakhale maso ang'ala anauona.

"Kadzutse mwana wako. Bwato lako lija n'labwino."

"Nanga lanu lili kuti?"

"Lathu linatopa kale. Khoka latilemera, manja atichepera."

"Ndikayese kaye kumiyala."

Munthuyo anaseka. Mapewa ankagwedezeka koma mpweya sunkamveka.

"Pita, Kakowa. Ndi miyendo yakoyo ukafika kutacha. Nsomba zidikira iwe?"

Mkuluyo anatuluka m'madzi. Pamchenga anaima. Kumiyala kunali kudzanja lamanja, kutali, kumapeto kwa gombe. Kunyumba kunali pafupi. Anayang'ananso moto uja. Anakumbukira mawu a Ekow. Analunjika kunyumba.

"Ekow! Dzuka. Madzi azizira, eban akuyaka."

Ekow anadzuka ngati sanagone n'komwe. "Mwayesa konse kuwiri?"

"Ndinayamba kuyesa madzi iwe usanabadwe."

"Egya, kumiyala mwafikako?"

Ansaba anali atayatsa nyali. Akuti anaona miyendo ya apongozi ake ili njenjenje, milomo itada.

"Ndafikako," anatero mkuluyo.

Sipanatenge nthawi. Ekow anagogoda m'nyumba za anzake a m'bwato, amuna okhaokha a mabanja, anjala ngati iye. Eni mabwato ena anadzuka, koma petulo analibe. Ekow anali ndi amene ankasungira ulendo wa ku Liberia. Anagubuduza bwato pamitengo ya kokonati mpaka kumathiriro, pamene mkuluyo anawalozera. Munthu wachipewa uja panalibe.

Kwansa, msuweni wa Ekow, wanthabwala, ndiye anayamba kulowa m'madzi. Anakuwa.

"Mayo ine! Azizira mpaka ndaiwala kuti ndine mwamuna!"

"Unali mwamuna liti iwe?" anamuyankha wina, onse n'kuseka. Kunali kuseka koyamba pagombepo chiyambire mvula.

"Mlamu, kasonkhe moto!" Kwansa anamukuwira Ansaba. "Mawa nkhuku zako zikasake kwina koikira!"

Ekow asanakwere anabwerera n'kugwira bambo ake paphewa. "Ku Liberia kudikire, Egya."

Amenewo ndiwo mawu amene mkuluyo ankawafuna. Anangogwedeza mutu.

Bwato linadumpha funde loyamba, lachiwiri, n'kulowa mumdima. Injini inalira. Ansaba anathamangira kumauvuni kukatola nkhuni, ena anabwerera kukagona. Egya Bentsil anatsala okha.

Ankayang'ana moto uja. Eban akamva injini amamira kapena kumwazikana. Moto uwu sunamire, sunamwazikane. Unayamba kuyenda, wonse pamodzi, kulowera pakati pa nyanja. Injini inautsatira. Moto unapitirira. Injini inautsatirabe.

Kenako inaleka. Sikuti inkachepa mawu chifukwa cha kutalika ayi. Inaduka ngati munthu waitseka pakamwa. Moto nawo unazima.

"Aponya khoka," anadziuza. Anadikira nyimbo, chifukwa asodzi athu sakoka khoka osaimba, ndipo usiku wopanda mphepo nyimbo imafika kumtunda. Sinamveke.

Pamenepo m'pamene anayamba ulendo wa kumiyala. Anayenda akupunthwa, ndodo ikulowa mumchenga. Ali m'njira dzina lija linawabwerera. Kakowa. Ankawatchula choncho anali a m'bwato lawo loyamba okha, ali anyamata. Bwato limenelo linapita usiku wina iwo atagona ndi malungo, ndipo silinabwerenso. Woliyendetsa anali Kwegyir, munthu wachipongwe, amene sankavula chipewa chake chamlaza ngakhale pamaliro.

Anafika kumiyala, analowa m'madzi.

Ofunda.

Anasunthira pena. Ofunda. Analowa mpaka m'chiuno. Ofunda ngati osambitsira mwana.

Sakumbukira mmene anabwererera kumathiriro. Akukumbukira kuti analowa pomwe paja, pamene bwato linasiya mkukuluzi pamchenga, ndipo napo madzi anali ofunda. Anafunafuna kuzizira kuja ndi miyendo, uku ndi uku, ngati munthu wotaya singano. Anaitana Ekow. Anaitana Kwansa. Pomaliza anaitana Kwegyir.

"Kwegyir! Ngati ndi manja ukufuna, anga ndi awa! Bweza ana!"

Mafunde okha ndiwo ankabwera.

Kutacha, amayi opita kukadikira nsomba ndi mabeseni anawapeza ali chiimire m'madzi ofika pachifuwa, mawu atatha, pakamwa pakungoyenda. Amuna awiri anawatulutsa. Amunawo akuti madzi anali ofunda, koma thupi la mkuluyo linkazizira moti manja awo anachita dzanzi. Ansaba anafika akuthamanga, mwaye uli m'manja, uvuni atausiya ukuyaka.

"Egya, bwato lili kuti?"

Mkuluyo anatembenukira kunyanja.

"Egya, ndikufunsa. Ekow ali kuti?"

"Kumiyala sindinafike, mwana wanga," ananong'ona. "Sindinafike."

Ansaba anakhala pansi pamchenga. Sanalire tsiku limenelo. Analira pambuyo pake, mabwato amene anasonkherana petulo kukawafunafuna atabwera chimanjamanja kachiwiri. Sanapeze nkhafi, chigubu, ngakhale kachidutswa ka khoka. Nyanja yathu imabweza zinthu, ngakhale nsapato. Pa bwato limeneli sinabweze kanthu. Mabanja asanu ndi limodzi anaika maliro opanda mitembo. Mulungu awalandire.

Mwezi wina utafa, madzi anazizira. Anazizira gombe lonse, chifunga chinagwa, ndipo panalibe wofunika kuuzidwa. Eban anabwera ochuluka moti okalamba akuti sanawaonepo otero. Mabwato ankafika atamira mpaka m'milomo. Utsi unaphimba mudzi. Ansaba ankawamba nsomba za eni ake kuti ana adye.

Apa m'pamene manong'onong'o anayamba. Ena ankati nyanja inkadikira kupatsidwa kanthu, ndipo itapatsidwa inatsegula. Ena ankati ayi, ndi a bwato lakale lija, atopa kukoka okha khoka limene anaponya ali anyamata, ndipo anadziwa mwendo woti aupusitse. Abusa analetsa nkhani zimenezi paguwa. Anthu anavomera ameni, n'kukazipitiriza kumauvuni. Ankadya nsombazo, koma akakumana ndi Egya Bentsil ankayang'ana pansi. Akazi amasiye ena ankawoloka msewu.

Kumtunda sanapite. Ansaba anakana. "Andiphera mwamuna, koma ndi agogo a ana anga," anandiuza tsiku lina, akupala mamba. "Ndiwataye kuti? Ndipempherereni, mtima wanga sukufuna kuwaona, koma ndimawaphikira."

Chotsala ndi chimene anandiuza Essel, msodzi wachikulire, wosamwa mowa, wa kwaya yathu. Anandiitanira kuseri kwa tchalitchi.

Akuti usiku wina wamdima akubwerera ndi nsomba, injini yawo itazima, anaona bwato litaima phee kuseri kwa mafunde, pafupi ndi mathiriro. Lopanda nyali. Anthu ali m'menemo ankakoka chingwe, mwakachetechete, osaimba. Ankakoka, chingwe chikubwera, koma khoka osatuluka. Essel anaidziwa mbalame yojambulidwa kumutu kwa bwatolo: linali bwato la Ekow. Anzake anagona pansi n'kubisa nkhope. Iye anangouma.

Mmodzi wa okokawo anatembenuka pang'ono, manja osasiya chingwe.

"Achimwene a Essel," anatero. Anali mawu a Ekow, otopa kwambiri. "Mukawauze Egya asadzizunze. Sananame. Kuno kukuzizira."

Essel anandifunsa ngati awauze. Tinagwada pomwepo n'kupemphera, koma yankho silinabwere. Mpaka lero mkuluyo amakhala pakhonde, atafunda bulangete dzuwa likuswa mtengo, ndipo Essel akamapita kugombe amazungulira njira ya kumanda kuti asadutse pakhomo pawo.