Njinga Yosapweteka Chiuno

Tsikulo linatha ngati masiku ena onse. Makaniko, monga ankamutchulira aliyense mumsewumo, anapukuta girisi m'manja n'kuyamba kulowetsa njinga zamoto mumpanda. Ntchito yake inali yogula njinga zotopa, kuzikonza, n'kuzigulitsa. Galaja inali kutsogolo, nyumba kumbuyo, geti limodzi.

M'nyumbamo ankakhala ndi mkazi wake komanso mayi ake. Mayiwo anafa ziwalo mbali yakumanzere ndipo sankayenda. Kubafa ankachita kuwanyamula. Pakhonde kukaothera dzuwa ankachita kuwanyamula. Pakamwa pokha ndi pamene sipanafe. Akawanyamula mofulumira ankati, "Pang'onopang'ono iwe, ine si thumba la simenti."

Mdima utangogwa, anamva kugogoda pageti. Kugogoda kofatsa, kwa munthu wosathamangira kulikonse.

Panja panaima bambo wachinyamata, wamtali, wowonda, wa msinkhu woti Makaniko akanatha kumubereka. Anavala jekete yachikopa yong'aluka m'zigongono ndi buluku lotambalala kumapazi, la fasho imene inatha kalekale. Chipewa cha njinga chinali kumutu, galasi lake atalikweza pang'ono.

"Mwatseka?" anafunsa mlendoyo.

"Tatseka, koma lowani."

"Ndikufuna njinga ya ulendo wautali. Ya anthu awiri."

"Wautali bwanji?"

"Wautali ndithu."

Makaniko anayatsa babu la m'galaja. Anayamba kumuonetsa njinga yofiira, yosongoka kutsogolo, imene achinyamata onse ankaimezera mate. Mlendoyo sanagwire n'komwe mahandulo. Anapita kumbuyo n'kudina chishalo ndi chikhatho.

"Apa munthu akhala ngati mbalame pawaya," anatero.

Makaniko anaseka, n'kumuonetsa ina yaitali miyendo, ya misewu ya mabampu. Mlendoyo anapukusa mutu. "Yatalika. Wokwera kumbuyo sangakweze mwendo kufika apa."

"Ndiye inu mukudziwa chimene mukufuna," anatero Makaniko. "Anzanu amangofunsa liwiro. Koma pa ulendo wautali chimene chimagonjetsa munthu ndi msana, khosi ndi pokhalira. Mukhale mowongoka, mikono isachite kutambasuka, mawondo asapindike kwambiri. Injini ikhale yosanjenjemera, apo ayi manja amachita dzanzi. Bwerani kuno."

Pakona panali njinga yofunditsidwa lona. Anaivundukula. Inali yakuda, yakale, yolemera, yaifupi, ya chishalo chotakata ndi chotsamira kumbuyo. Kutsogolo inali ndi galasi lotchinga mphepo. Iyi Makaniko anadzikonzera yekha, kuti tsiku lina adzazungulire dziko ndi mkazi wake. Koma chidwalireni mayi ake, panalibe wochoka pakhomo.

Mlendoyo anaisisita ngati akusisita mwana. Anagwedeza chotsamira. Kenako anagwada n'kuyang'anitsitsa popondapo phazi.

"Apa phazi lakumanzere likhoza kuterereka. Mungamangepo lamba?"

"Mwendo ndi wovuta?"

"Mbali yonseyo. Ndi chiuno chomwe. Koma sadandaula." Anamwetulira. "Ayi, ndanama. Amadandaula kwambiri."

Onse awiri anaseka.

"Ndi akazi anu?"

"Eya. Ndinawalonjeza ulendowu titangokwatirana. Ndinachoka ndisanakwaniritse."

Makaniko anadula lamba wakale n'kumumanga bwinobwino pamalopo. Atamaliza anati, "Takhalaniponi muimve."

Mlendoyo anakweza mwendo n'kukhala.

Masipuling'i a njingayo Makaniko anawafewetsa yekha. Ngakhale mphaka akalumphirapo, njinga inkatsika pang'ono. Koma munthu wamkulu uja atakhala, sinatsike. Sinalire n'komwe. Inangoti duu, ngati palibe wakhalapo.

Makaniko anayang'ana pansi. Pa simenti panali fumbi losakanikirana ndi oyilo, ndipo mapazi ake ankaoneka paliponse pamene anaponda. A mlendoyo panalibe.

"Iyi ndiye yake," anatero mlendoyo akutsika. Anaima n'kumuyang'ana kwa nthawi, kuyambira kumutu wa imvi mpaka kunsapato. Mawu ake anafewa. "Manja ako ndi abwino. Wakula bwino."

Sanati "anu". Sanafunsenso za mtengo. Anatuluka pageti. Makaniko atasuzumira mumsewu, kumanja kunalibe munthu, kumanzere kunalibe munthu.

Anakhoma geti ndi loko. Analowetsa tcheni mutayala la njinga yakudayo n'kukhomanso. Makiyi onse anawaika m'thumba.

"Mwaona chiyani inu? Nkhope yagwa," anafunsa mkazi wake atalowa m'nyumba.

"Kutopa chabe."

Analowa kuchipinda kwa mayi ake kukawafunditsa, monga ankachitira usiku uliwonse. Anawapeza ali maso, tsitsi litapesedwa, ndolo zili m'makutu.

"Andivutitsa mpaka ndawaveka," anatero mkazi wake ali pachitseko.

"Mukupita kuti, amayi?"

"Munthu asamadzikonze m'nyumba mwake? Zimitsa getsi, ukundithobwa m'maso."

Makaniko anagona makiyi ali pansi pa pilo. Pakati pa usiku anamva injini ikulira chapansipansi. Anaidziwa. Injini iliyonse ili ndi mawu ake, ndipo iyi anaimanga ndi manja ake. Anayesa kudzuka, thupi linakana. Anayesa kuitana mkazi wake, mawu sanatuluke. Dzanja lokha ndi limene linafika pansi pa pilo. Makiyi analipo.

Kenako anamva kuseka kwa mkazi panja. Kuseka kwachitsikana, kopepuka. Injini inapita ikuchepa, ikuchepa, mpaka zii.

Kunja kukuyera, mkazi wake anamugwedeza paphewa. "Dzukani. Apongozi mulibe m'chipinda."

Bedi linali lozizira. Chitseko chakunja chinali chokhoma, kiyi ali mkati. Makaniko anachitsegula n'kuthamangira kugalaja wopanda nsapato.

Mayi ake anali pa chishalo chakumbuyo cha njinga yakuda. Anatsamira bwinobwino, phazi lakumanzere litamangidwa. Tcheni chinali mutayala, loko wapageti ali m'malo mwake. Koma injini inkalira tiki, tiki, monga imachitira ikamazizira. Ataiyandikitsa dzanja, inali ya moto. Matayala anali matope ofiira okhaokha, chonsecho mvula inali italeka kalekale. Pagalasi lakutsogolo panamatirira tizilombo takufa.

Tsitsi lopesedwa lija linali litaulukira kumbuyo. Masaya anali ozizira ngati madzi a mufiriji. Maso ankawala.

"Amayi, mwafika bwanji pano?"

"Tsitsa mawu, anthu akugona. Bambo ako akuti wasankha bwino."

Makaniko anagwira chotsamira. "Bambo anamwalira ine ndikukwawa, amayi."

"Ukuuza ine? Ndinalipo."

Mkazi wake anali ataima kumbuyo, dzanja lili pakamwa. "Munapita kuti, amayi?" anafunsa monong'ona.

"Kungoyesa, mwana wanga. Takwera phiri. Mvula yatipeza kuseri kwake. Tadutsa pamlatho wautali, madzi akuwomba pansi. Chiuno zii, osamva kanthu." Anaseka, ndipo kunali kuseka kuja kwa usiku. "Abwera ali mnyamata, ine nkhalamba yopanda mano. Ndinachita manyazi. Koma akuti ndisadandaule, woyendetsa amayang'ana kutsogolo."

Makaniko anamasula phazi lija n'kuwanyamula. Malaya awo ankanunkhira mvula. Ali pakati pa bwalo anaima, misozi ikugwera paphewa la mayi ake.

"Adzabweranso?"

"Adzabwera."

"Ndiye ulendo umenewo mudzabwerako?"

Mayiwo anamugwira tsaya ndi dzanja lamoyo lija. "Ndawauza kuti adikire kaye. Ndili ndi mwana wa imvi amene amalira ngati khanda. Akuti palibe changu."

Dzuwa lisanafike pamutu, nkhani inali itazungulira msewu wonse. Mlonda wa sitolo yapakona anati anaona njinga ikudutsa yopanda nyali, mayi wokalamba atakolowetsa dzanja m'chiuno mwa woyendetsa. Ena ankati ndi zamatsenga. Amayi ogulitsa masamba ankanong'onezana kuti ayi, ndi mwamuna amene lonjezo lamusowetsa tulo kumene aliko.

"Igulitseni lero lomwe," anatero mkazi wake. "Kapena ichotseni injini. Ine sindikufuna kudzapezanso bedi lozizira."

Makaniko anavomera. Anatenga sipanala yochotsera mapulagi n'kugwada pambali pa njingayo. Anagwada nthawi yaitali, sipanala ili m'manja, osamasula kanthu. Pakhonde mayi ake ankaothera dzuwa, akung'ung'udza nyimbo imene iye anali asanaimvepo chibadwire.

"Iwe," anaitana mayiwo. "Ukamaliza zimene ukuchitazo, chotsamiracho uchikweze pang'ono. Khosi limatopa."

Makaniko anayang'ana mkazi wake. Mkaziyo anapukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu, n'kulowa m'nyumba. Anatulukamo ndi pilo wofewa kuposa onse, wa pabedi pawo, n'kumupatsira.

Makaniko anaika pansi sipanala ija n'kutola ina.

Mpaka lero mayiwo amaothera dzuwa pakhonde pomwepo, ndipo njingayo ili pakona, thanki lodzaza. Ogula ambiri amaisirira n'kufunsa ngati ili pamalonda. Makaniko amangoifunditsanso lona n'kunena kuti, "Iyo ili ndi eni ake. Sanabwere kudzaitenga."